Maulendo a Malimwe a Anthu a ku Japan

Kutali kum'mawa, kupitirira maiko a India ndi China, kuli zisumbu zondandalika m'nyanja yaikulu ya Pacific, ndizo dziko la Japan. Zisumbu zazikulu zili zinayi, maina ake ndiwo Honshu, Hokkaido, Kyushu ndi Shikoku, koma zazing'ono zili zikwizikwi. Anthu a kumeneko aposa 120 miliyoni, ndipo popeza dziko lawo lichuluka mapiri ndi nkhalango, malo olima ndi omangapo nyumba achepa, kotero kuti anthu akhala mothinana m'zigwa ndi m'mphepete mwa nyanja. Ambiri a ife timva dzina la Japan chifukwa cha magalimoto ndi mawailesi ochokera kumeneko. Koma mwezi uno tifuna kufotokozera owerenga athu kanthu kena, ndiko kuyenda kwa mabanja a Chijapani m'nyengo yotentha, ndi mmene mwambo umenewo unayambira ndi kusinthika m'kupita kwa zaka. Pakuti m'maulendo a banja muoneka chimene anthu akonda, chimene aopa, ndi chimene apembedza.

NYENGO YOTENTHA NDI MAKHALIDWE A PAKHOMO

Poyamba tidziwe kuti nyengo zawo zisiyana ndi zathu. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, imene ife tiotha moto ndi kufunda mabulangeti chifukwa cha chisanu, kwa iwo ndiyo miyezi ya malimwe. Ndiponso malimwe awo sali ouma monga athu. Mu Juni igwa mvula ya masiku ambiri imene aitcha tsuyu, ndipo iwapeza alimi atawoka mpunga m'minda yodzala madzi. Mvula ija ikakata chapakati pa Julayi, dzuwa liwomba kolimba, mpweya ulemera ndi chinyezi, thukuta siliuma pathupi, ndipo nyenje zilira m'mitengo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litalowa.

Makolo awo anamanga nyumba poganizira kutentha kumeneku. Nyumba yachikale inali ya matabwa, ndipo zipinda zinalekanitsidwa ndi zitseko zokoka zopangidwa ndi timitengo ndi mapepala. Pansi anayala mphasa zochindikala zotchedwa tatami, ndipo munthu polowa anavula nsapato pakhomo, monga achita kufikira lero. Pofika malimwe anachotsa zitseko zina kuti mphepo ipyole m'nyumba monse, napachika zotchinga za bango pakhonde, nawaza madzi pabwalo madzulo kuti nthaka izizire. Anapachikanso kabelu kakang'ono pansi pa denga, kuti kulira kwake kuwauze kuti kamphepo kadza. Atasamba madzi otentha, akulu ndi ana anavala mwinjiro wopepuka wa thonje, dzina lake yukata, nakhala pakhonde alikudzikupiza ndi kudya vwende limene linatsitsidwa m'chitsime kuyambira masana. Usiku banja lonse linagona m'masikito amodzi aakulu odzaza chipinda.

Ndipo chofukiza udzudzu chozungulira chija mugula m'sitolo chinachokera komweko. Munthu wina dzina lake Ueyama Eiichiro anayamba kuumba timitengo tofukiza ndi ufa wa maluwa opha tizilombo, koma tinali kutha msanga. Tsono mkazi wake anamlangiza kuti akhotetse mozungulira kuti tiyake usiku wonse, ndipo zozungulirazo zinayamba kugulitsidwa mu 1902.

PHWANDO LA OBON

Ulendo waukulu wa m'malimwe ndiwo wa Obon, pamene anthu abwerera kumudzi kwawo kukakumbukira akufa. Chipembedzo cha Chibuda chinafika ku Japan kuchokera ku Korea m'zaka za m'ma 500, ndipo buku lakale la mbiri yawo, lotchedwa Nihon Shoki, linena kuti mu 657 mfumukazi Saimei inachititsa mwambo umenewu. Abuda ali ndi nthano yakuti wophunzira wina wa Buddha, amene Ajapani amutcha Mokuren, anaona amake amene anamwalira alikuzunzika ndi njala kudziko la mizimu. Ndipo mphunzitsi wake anamuuza kuti apereke zakudya kwa ansembe pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo atatero amake anamasuka. Koma Ajapani anali nacho kale chikhulupiriro chakuti mizimu ya makolo imabwera kudzacheza pakhomo, ndipo ziwirizi zinalukana kufikira zinakhala mwambo umodzi.

Mwambowo uyenda chotere. Pa tsiku la 13 banja lipita kumanda, lisesa, litsuka miyala, liika maluwa. Ndipo madzulo akoleza kamoto pakhomo pa nyumba kuti mizimu isasokere. M'nyumba akonza thandala, naikapo mpunga, zipatso ndi madzi. M'madera ena ana atenga nkhaka ndi biringanya, nabaya timitengo tinayi pa chilichonse ngati miyendo. Nkhaka ikhala kavalo, kuti makolo afike msanga, ndipo biringanya likhala ng'ombe, kuti pobwerera ayende pang'onopang'ono atasenza mphatso. Wansembe wa Chibuda ayenda nyumba ndi nyumba kuwerenga mapemphero ake. Usiku amanga nsanja pakati pa bwalo, woyimba ng'oma akwera pamwamba, ndipo mudzi wonse uvina mozungulira, agogo ndi zidzukulu pamodzi. Pa tsiku la 16 akolezanso moto wotsazikana, ndipo ena ayandamitsa nyali za mapepala pamtsinje. Ku mzinda wa Kyoto ayatsa moto waukulu pa mapiri asanu ozinga mzindawo, ndipo wina mwa motowo uoneka monga chilembo chawo chotanthauza "chachikulu".

Owerenga athu adzazindikira kanthu pamenepa, pakuti makolo athu nawonso anathira nsembe za ufa ndi mowa patsinde pa mtengo wa msolo, nati akufa sali kutali. Anthu awa sanaonane, sanamvane chinenero, koma chisoni cha kutaya mbale ndi mantha a imfa zinawaphunzitsa zofanana.

MASIKU A ZIPATA

Kuyambira 1603 kufikira 1868 dziko linalamulidwa ndi akazembe ankhondo a banja la Tokugawa, amene udindo wawo unatchedwa shogun. Iwo anakhala ku Edo, umene lero uli Tokyo, pamene mfumu yaikulu inakhala ku Kyoto yopanda mphamvu zenizeni. M'masiku amenewo munthu wamba sanali kuyenda monga afuna. Pa misewu yaikulu panali zipata za alonda, ndipo wapaulendo anayenera kuonetsa kalata ya chilolezo. Makamaka akazi otuluka mu Edo anafufuzidwa kolimba. Msewu wotchuka wa Tokaido, wochokera ku Edo kunka ku Kyoto, unali ndi malo opumulirapo 53, ndipo munthu wa miyendo yolimba anauyenda ngati masabata awiri.

Koma panali khomo limodzi lotseguka: wopita kukapembedza ku kachisi, kapena kukasamba ku akasupe otentha chifukwa cha matenda, sanakanizidwe kawirikawiri. Tsono popeza ulendo unafuna ndalama zambiri, anthu a m'mudzi anapangana timagulu totchedwa ko. Aliyense anasonkha kangachepe chaka ndi chaka, ndipo anachita maere; amene maere anamgwera anapita m'malo mwa onse, nabwera ndi zithumwa za ku kachisi ndi timphatso togawira nyumba zonse zimene zinasonkha. Chaka chinacho anapita wina, kufikira onse atalawa. Mutu umodzi susenza denga. Nkuona kufikira lero Mjapani wochokera ku ulendo achita manyazi kufika chimanjamanja kwa anansi ake ndi anzake a kuntchito.

Ambiri analakalaka kukafika ku kachisi wamkulu wa Ise, ndipo mu 1830 anapitako anthu mamiliyoni angapo m'miyezi yowerengeka, pamene anthu onse a m'dziko anali ngati 30 miliyoni. Ena anakwera phiri la Fuji, lalitali mamita 3,776, limene likwereka m'malimwe mokha chipale chitasungunuka. Anakwera atavala zoyera ndi ndodo m'manja. Akazi sanaloledwe kufika pamwamba kufikira 1872. Chifukwa chake anthu a mu Edo anaunjika timapiri ta miyala m'mabwalo a akachisi, totengera maonekedwe a Fuji, kuti akazi, ana ndi nkhalamba akwerepo naonenso ngati afika.

Amene analibe ulendo wautali anapita kumtsinje wa Sumida kukapitidwa mphepo madzulo. Olemera anabwereka mabwato, osauka anadzaza pa mlatho wa Ryogoku, ndipo amisiri a wonga anaponya m'mwamba moto wophulika wa maonekedwe okongola, umene Ajapani autcha hanabi, ndiko kunena maluwa a moto. Panali nyumba ziwiri za amisiri zopikisana, Kagiya ndi Tamaya, ndipo khamu linafuula dzina la amene moto wake unaposa. Tamaya anapirikitsidwa mumzinda mu 1843 chifukwa moto unabuka panyumba pake nutentha za anansi, koma dzina lake anthu alifuulabe kufikira lero.

Tisaiwale ana a osauka. Anyamata ambiri anatumizidwa akali aang'ono kukatumikira m'masitolo a m'mizinda, ndi atsikana m'nyumba za olemera. Iwo analoledwa kupita kwawo kawiri kokha pa chaka, pa tsiku la 16 la mwezi woyamba ndi pa tsiku la 16 la mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndiyo nthawi ya Obon. Mwini ntchito anawapatsa chovala chatsopano ndi tindalama, ndipo amayi kumudzi anadikira pakhomo ataphika chimene mwana akonda. Amene kwawo kunali kutali anangoyendayenda mumzinda tsiku limenelo.

ULENDO WA AKHRISTU A KU URAKAMI

Tsono pali chifukwa china chimene Obon anazikira mizu m'nyumba iliyonse, ndipo chifukwa chimenecho chikhudza ife a mumpingo. Francis Xavier anafika ku Kagoshima pa 15 Ogasiti 1549, ndipo m'zaka zotsatira anthu ambirimbiri anabatizidwa. Koma olamulira anayamba kuopa kuti chipembedzo chatsopano chidzatsegulira njira maufumu a ku Ulaya. Pa 5 Febuluwale 1597 Akhristu 26 anapachikidwa pamitanda ku Nagasaki, ena a iwo ali anyamata. Mu 1614 Chikhristu chinaletsedwa m'dziko lonse. Ndipo itatha nkhondo ya ku Shimabara ya 1637 ndi 1638, chizunzo chinakula koposa. Boma linalamula kuti banja lililonse lilembedwe ku kachisi wa Chibuda, ndipo wansembe achitire umboni kuti m'nyumbamo mulibe Mkhristu. Maliro onse anayenera kuyendetsedwa ndi wansembeyo. Chomwecho manda a banja, ndi guwa la makolo m'nyumba, ndi kuchezera kwa wansembe pa Obon, zinasanduka za munthu aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ku dera la Nagasaki anthu anaitanidwanso chaka ndi chaka kudzaponda chithunzi cha Ambuye kapena cha Mariya pamaso pa akuluakulu.

Koma m'midzi ina ya ku Kyushu ndi pa tizisumbu ta kufupi munatsala anthu amene anasunga chikhulupiriro mobisa, wopanda mbusa, wopanda Buku, zaka zoposa 200. Mkulu mmodzi anasunga masiku a chaka cha mpingo, wina anabatiza makanda, ndipo mapemphero anaphunzitsana pakamwa. Pamaso pa anthu anachita zonse za ku kachisi; atabwera koponda chithunzi anapemphera pemphero la kulapa. Ife amene tipita ku tchalitchi masana, belu lili kulira, tisafulumire kuwaweruza.

Pamene dziko linatsegukira alendo, Afalansa anamanga tchalitchi ku Oura mu Nagasaki, ndipo pa 17 Malichi 1865 kagulu ka alimi ochokera m'mudzi wa Urakami kanalowamo, nauza wansembe Bernard Petitjean monong'ona kuti iwo ali a chikhulupiriro chimodzi ndi iye. Atalimbika mtima, mu 1867 anakana kuitana wansembe wa Chibuda pa maliro awo. Pamenepo boma linawagwira, ndipo m'zaka zotsatira anthu ngati 3,400 anachotsedwa m'mudzi nabalalitsidwa ku madera akutali, amuna kwina, akazi ndi ana kwina. Anazunzidwa ndi njala ndi chisanu kuti akane, ndipo oposa 600 anafera komweko. Mu 1873 boma linachotsa zikwangwani zoletsa Chikhristu, ndipo otsala anabwerera, napeza minda itamera thengo. Iwo pokamba za zaka zimenezo anangozitcha tabi, ndiko kunena ulendo. Ndipo mwa umphawi wawo anasonkha ndalama, nasenza miyala ndi njerwa, kufikira anamanga tchalitchi chachikulu pa Urakami, chimene nsanja zake zinatha mu 1925.

NJANJI, NYANJA NDI PHIRI

Mu 1868 ulamuliro wa Tokugawa unagwa, ndipo boma latsopano la mfumu Meiji linafulumira kutengera nzeru za ku Ulaya. Zipata za m'misewu zinachotsedwa mu 1869. Mu 1872 sitima ya pamtunda yoyamba inayenda pakati pa Tokyo ndi Yokohama, ndipo chaka chomwecho linakhazikitsidwa lamulo la masukulu a ana onse. Mu 1873 anasiya kuwerenga masiku potsata mwezi, natenga kalendala imene tigwiritsa ntchito ife. Pamenepo Obon anagawika. A ku Tokyo anasunga tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chiwiri monga mwa kalendala yatsopano, ndiwo Julayi. Koma alimi anaona kuti pakati pa Julayi ntchito ya m'munda ikali yambiri, ndipo anakankhira mwambowo ku Ogasiti. A ku Okinawa anakhalabe ndi kawerengedwe kakale. Kufikira lero dziko lonse pafupifupi lisunga Obon kuyambira 13 kufikira 16 Ogasiti.

M'masiku omwewo munayamba maulendo a mtundu wina, osati a kupembedza koma a kulimbitsa thupi. Asodzi anadziwa nyanja chiyambire, koma kuti banja la mumzinda lipite kugombe kukasambira chinali chachilendo. Sing'anga wina wamkulu wa asilikali, Matsumoto Jun, anaphunzitsa kuti madzi a m'nyanja alimbitsa odwala, ndipo mu 1885 anatsegulitsa malo osambirako ku Oiso. Njanji itafika kumeneko anthu anakhamukirako, ndipo posachedwa magombe ena ambiri anadzala ndi misasa ya malimwe. Pamenepo ana achita masewera awo okondweretsa: aika vwende pamchenga, amanga mwana nsalu kumaso, amzunguliza, nampatsa ndodo kuti aliswe, anzake alikumuuza njira ndi kuseka.

Za kumapiri anatsogolera ndi mmishonale. Alexander Croft Shaw, wa mpingo wa Anglican, wobadwira ku Canada, anafika ku Karuizawa mu 1886. Kamudzi kameneko kanali malo opumulirapo apaulendo pa msewu wakale, ndipo kanali kutha chifukwa oyenda pansi anachepa. Iye anakondwera ndi kuzizira kwake, namangako nyumba mu 1888, naitana anzake. Amishonale a mipingo yosiyanasiyana anayamba kusonkhana kumeneko m'malimwe, kupumula ndi kupangana za ntchito, ndipo pambuyo pake Ajapani olemera anawatsata. Katchalitchi ka matabwa ka dzina lake kalipobe.

Sukulu nayonso inaumba malimwe a ana. Chaka cha sukulu chiyamba mu Epulo, ndipo tchuthi chachikulu m'madera ambiri chiyamba kumapeto kwa Julayi kufikira kutha kwa Ogasiti. Koma si tchuthi cha ulesi, pakuti aphunzitsi apatsa ana ntchito ya kulemba zochitika za tsiku ndi tsiku, kapena kusamala duwa ndi kulemba kakulidwe kake. Mu 1928 wailesi inayamba kuulutsa masewera olimbitsa thupi, ndipo unakhala mwambo kuti ana asonkhane pabwalo m'mamawa pa nthawi ya tchuthi, aliyense ndi kakhadi m'khosi kodindapo chidindo. Dzuwa litakwera anyamata anatenga maukonde aang'ono kukagwira nyenje ndi zikumbu m'nkhalango ya pa kachisi.

OGASITI WA 1945

Koma njanji zomwezo zinanyamulanso asilikali. Japan inathira nkhondo ku China ndi ku maiko ena a Asia, nisautsa mitundu yambiri, ndipo potsiriza nkhondoyo inabwerera kwa eni ake. Kuyambira Ogasiti 1944 ana a sukulu oposa 400,000 anachotsedwa m'mizinda m'magulumagulu, natumizidwa kukagona m'makachisi ndi m'nyumba za alendo za kumidzi pothawa mabomba. Ena poyamba anayesa ulendo wosangalatsa. Koma kumeneko anapeza njala, nsabwe ndi kupukwa, ndipo ena pobwerera sanapeze nyumba kapena makolo.

Pa 6 Ogasiti 1945 bomba la atomu linagwa pa Hiroshima, ndipo pofika kutha kwa chaka anthu ngati 140,000 anali atafa. Pa 9 Ogasiti lina linagwa pa Nagasaki, ndipo linaphulikira pamwamba pa Urakami penipeni, pafupi ndi tchalitchi chija anamanga obwera ku ulendo. Tchalitchi chinagumuka, amene anali m'katimo anafa, ndipo mwa Akhristu ngati 12,000 a kumeneko anafa ngati 8,500. Pa 15 Ogasiti masana, m'kati mwa masiku a Obon, anthu anamva mau a mfumu Hirohito pa wailesi kulengeza kuti nkhondo yatha. Kuyambira pamenepo mwezi wa Ogasiti ku Japan uli ndi nkhope ziwiri: ana aseweretsa madzi kugombe, ndipo akulu aima chete ataweramitsa mitu. Ku Hiroshima, madzulo a 6 Ogasiti chaka ndi chaka, ayandamitsa nyali pamtsinje umene anthu opserera anathawirako kufuna madzi. Ndipo otsala a ku Urakami anamanganso tchalitchi chawo pamalo pomwepo mu 1959.

KUBWERERA KWAWO

Itatha nkhondo, pafupifupi theka la anthu ogwira ntchito anali alimi ndi asodzi. Koma mafakitale anakula msanga, nafuna manja. Kuyambira 1954 kufikira 1975 kunali sitima zapadera zonyamula anyamata ndi atsikana a zaka 15, ongotsiriza sukulu, kuchokera kumidzi ya kumpoto kunka ku Tokyo. Ndipo eni mafakitale anawatcha mazira a golide, chifukwa anagwira ntchito yambiri pa malipiro ochepa. Ana amenewa anakula, nakwatira mumzinda, nabala ana osadziwa munda wa mpunga. Tsono pofika Obon, masitolo ndi mafakitale ambiri anatseka, ndipo onse ananyamuka nthawi imodzi kunka kwawo, monga anachitira atumiki aang'ono a masiku a Edo. Pa 1 Okutobala 1964 inayamba kuyenda sitima yothamanga ya Shinkansen, nifika ku Osaka kuchokera ku Tokyo m'maola anayi. Lero iyenda ngati maola awiri ndi theka mtunda umene makolo awo anayenda masabata awiri. Chinkana zili choncho, pakati pa Ogasiti sitima zidzala kufikira anthu aimirira m'makonde, ndipo magalimoto andandana pamsewu makilomita makumimakumi. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Kwa mwana wa mumzinda masiku amenewo ndiwo akumbukika moyo wonse: nyumba yaikulu ya agogo, asuweni ogona chigonegone pa tatami, nkhaka zothyola m'dimba, kusamba mumtsinje, ndi timoto tating'ono togwira m'manja madzulo. Koma kwa mtengwa, amene ayenera kuphikira alendo onse kwa apongozi, si nthawi zonse akhala masiku opumula.

Akhristu a ku Japan ali ngati mmodzi pa anthu 100, ndipo ambiri a iwo ali okha m'banja lawo. Pofika Obon iwo apita nawo kumudzi, asesa nawo manda, adya nawo. Koma pamene banja ligwada pa guwa la makolo ndi kufukiza lubani, Mkhristu ayenera kusankha chochita, kuti asanyoze amayi ake ndiponso asapembedze wina koma Mulungu. Mipingo yambiri inaika tsiku lake la kukumbukira omwalira, ndi kuyamika Mulungu chifukwa cha moyo wawo, kuti abale aone kuti Mkhristu saiwala akufa ake. Funso limeneli ife tilidziwa, pakuti lifika pakhomo pathu nthawi ya maliro, ya kumeta ndi ya ziliza.

Tsopano vuto lina lagwera mwambo wonsewu. Ana obadwa achepa, chiwerengero cha anthu chilikutsika, ndipo anthu a zaka 65 ndi kuposapo ali pafupifupi atatu pa khumi alionse. Kalembera wa boma wa 2023 anapeza nyumba ngati 9 miliyoni zopanda wokhalamo. M'midzi ina ya m'mapiri sukulu zinatsekedwa, ndipo gule wa Obon analekeka chifukwa palibe woimika nsanja. Agogo akamwalira, ana a mumzinda atseka nyumba, ndipo ena afukula phulusa la makolo kulisamutsira kufupi ndi kumene akhala. Ena alipira munthu wachilendo kuti akasese manda m'malo mwawo. Sitima ithamanga koposa kale, koma ambiri alibenso kowatsitsa.

Abale, m'midzi mwathu muli makolo amene ana awo ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja. Ife sitikoleza moto pakhomo kuitana mizimu, pakuti tikhulupirira kuti akufa mwa Ambuye ali m'manja mwake kufikira tsiku la kuuka. Koma lamulo la kulemekeza makolo linaperekedwa kwa ife, ndipo lisungika bwino iwo akali ndi moyo. Mwana amene ali kutali asadikire uthenga wa maliro kuti akwere basi. Abwere denga likali lofuna kufolera, abwere ndi zidzukulu kuti zidziwe dzina la mudzi ndi nkhope ya agogo. Ndipo inu otsala kumudzi, mwana akafika chimanjamanja musamtonze, kuti angaope kudzabweranso. M'mapemphero a mwezi uno tikumbukire kampingo kakang'ono ka ku Japan, ndi nkhalamba za m'midzi ya m'mapiri zimene pa 13 Ogasiti zidzasesa pakhomo ndi kuyang'ana kunjira.